Mwana Amene Ankayankhula Anthu Akayang'ana Kumbali

Ndikulumbira, alamu, pali mayi anga ondibereka. Ndikanama liwu limodzi lokha, mphezi indipeze ngakhale nditabisala m'mbiya. Zonse ndinene apazi n'zoona. Lekani kumwetulira, khalani bwino mumve.

Kalekale, kale lenileni, nsapato zikadali za pa ukwati pokha, kunali sukulu ya mpanda wa tsekera pakati pa minda ya mapira. Mphunzitsi wake anali mayi wina, a Nachisale.

Ana anali ambiri, ndipo ankayankha onse pamodzi. A Nachisale akati, "Nenani a," ana onse, "Aaa." Akati, "Nenani e," ana onse, "Eee." Phokoso lake mango ankagwa osapsa. Agalu a kutsidya ankathawira m'phiri. A Nachisale ankakondwa. Ankati, "Ana anga onse ndi odziwa."

Tsiku lina chimfine chinalowa m'mudzi. Ana ambiri anagona kunyumba, kusukulu kunabwera ochepa.

A Nachisale anati, "Nenani a." Ana anayankha, koma phokoso linali lochepa, moti maso anapeza mpata woona. Kumbuyo kunali kamtsikana. Pakamwa pakutseguka, pakutsekeka, koma mawu osatuluka.

"Iwe kumbuyoko, tanena wekha timve."

Mwana uja anatsegula pakamwa. Mawu anakwera, anafika pakhosi, anabwerera.

Mnzake wa pambali anati, "Ameneyo ndi Enelesi, aphunzitsi. Kumva amamva, koma sayankhula. Amangotafuna mphepo."

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire kubadwa."

A Nachisale nkhope inagwa. Miyezi yonse ija mwana anali pamaso pawo, atabisala m'phokoso la anzake, iwo n'kumati onse ndi odziwa.

Ndiye anayamba masewera. Sanamutenge Enelesi payekha ayi, kuopa kuti anzake angamuseke. Masewera anali a onse.

Anabweretsa nthenga za nkhuku. Mwana aliyense agone chafufumimba, auzire nthenga yake mpaka ikafike kukhomo. Anauzira, anauzira. Ya Enelesi inafika.

Anabweretsa mapesi a papaya ndi madzi a sopo. Aliyense auzire thovu. Anauzira, anauzira. Thovu la Enelesi linakula ngati dzungu, linatulukira padenga, ndipo anthu a kumsika analiona likudutsa. Musandiyang'ane choncho, alamu, ndalumbira kale.

Anabweretsa beseni la madzi. Awiriawiri aziwerama, aziona milomo yawo m'madzimo. Uyu asongole milomo, mnzake asongole. Uyu atulutse lilime, mnzake atulutse.

Kenako anatenga dzanja la Enelesi, naliika pakhosi pawo, iwo n'kumang'ung'udza. Mwana anamva khosi likunjenjemera. Anaika dzanja pakhosi pake. Panali zii. Anawayang'ana a Nachisale, misozi ili mbwembwembwe.

"Usalire, mwanawe. Mawu alipo. Akungochita manyazi."

Pomaliza anabweretsa dongo. Ana anaumba ng'ombe, anaumba nkhuku, anaumba mbuzi. Aliyense aziliritsa chiweto chake. M'sukulu munasanduka khola.

A Nachisale anali atawerama pakona, akukanda dongo, msana uli kwa ana. Kumbuyo kwawo anamva kamawu kakang'ono, kosasa ngati chitseko chosatsegulidwa chaka chonse.

"Mee."

A Nachisale sanacheuke. Anangopitiriza kukanda dongo. Anati, ngati akuuza dongolo, "Imene ikulirayo ndi mbuzi."

Panapita kanthawi.

"Mbu-zi."

Kuyambira pamenepo a Nachisale anaidziwa njira yake. Ukamuyang'ana Enelesi, mawu ankakwera, kufika pakhosi, n'kubwerera. Ukayang'ana kumbali, ankatuluka okha, limodzi lero, lina sabata yamawa. Mbuzi. Madzi. Nkhuku. Amayi. Anali ochepa, okwana m'dzanja limodzi, koma anali ake.

Tsono Enelesi bambo ake anamwalira kale. Mwini mbumba anali malume ake, a Zuze, munthu wamtali woti akamayankhula nawe umayamba wamva mawu, nkhope n'kuiona pambuyo. Mapira atayamba kucha, a Zuze anafika pasukulu.

"Aphunzitsi, mpheta zatera m'munda. Mwana uyu kuno akungotha nsalu ndi kukhala pansi. Ndipatseni akaingitse mbalame. Kugogoda chitini sikufuna pakamwa."

"Wayamba kuyankhula, bambo."

"Uyu? Kwathu sitinamumvepo ngakhale atapsa ndi moto."

"Kuno amayankhula."

"Chabwino. Ndibwera mkuja ndi makutu angawa. Akanena liwu, akhale pasukulu. Akapanda, ku nsanja ya kumunda."

Apa ndi pamene mantha anawalowa a Nachisale, ndipo mantha sayenda ndi nzeru. Anafuna kuti a Zuze aone zazikulu, asapeze pokanira. Anasesa pabwalo. Anakabwereka mpando wa ndalema. Nthenga anaziika padera, dongo analiika padera. Anamuimika Enelesi kutsogolo.

"Nena mbuzi. Nenanso. Kweza mawu. Undiyang'ane ine, Enelesi, malume ako adzakuyang'ananso chonchi."

Mwana anayesa. Lilime linalemera. Anayesanso. Linalemera koposa.

Mkuja uja anafika. A Zuze anakhala pampando. Mayi a Enelesi anaima pakhomo, manja ali pachifuwa. Anthu a m'mudzi anamva, anabwera, anasuzumira m'mipata ya tsekera. Maso kutsogolo, maso kumbuyo, maso m'mbali.

A Nachisale ananyamula mbuzi yadongo.

"Enelesi, ichi n'chiyani?"

Mawu anakwera, anafika pakhosi, anabwerera.

"Usaope, mwanawe. Ichi n'chiyani?"

Anakwera, anafika pakhosi, anabwerera.

A Nachisale thukuta linatsika. Anagwada, anamugwira mapewa, anamuyang'ana m'maso mwenimweni.

"Tsiku lija unanena. Chonde, Enelesi. Ichi n'chiyani?"

Ana anzake anamumvera chisoni. Anafuna kumuthandiza monga anazolowera. Onse pamodzi anati, "Mbuziii." Ndipo milomo ya Enelesi inangotsatira, yopanda kanthu.

A Zuze anaimirira, anasasa fumbi pa kabudula.

"Ndaona, aphunzitsi. Anzake amayankhula, iye amayasamula. Mpando wanu ndi wabwino, zikomo. Tiye, iwe."

Pamaso pa mlongo wawo, mayi a Enelesi anangokoka chitenje n'kuphimba nkhope. Mwana anatuluka pambuyo pa malume ake, osacheuka.

Masiku anapita. A Nachisale ankaphunzitsa, koma chakudya sichinkatsika. Tsiku lina ana ataweruka, anatsata njira ya kumunda kwa a Zuze. Sanafune kuti mwana awaone. Anabisala kuseri kwa chulu.

Pa nsanja, pakati pa mapira, panali Enelesi yekha. Anagogoda chitini, ngo, ngo, ngo. Kenako anakweza mutu.

"Mbuzi. Madzi. Nkhuku. Amayi."

Mawu omveka bwino, alamu, okwera, ofika mpaka kumtsinje. Anagogodanso chitini.

"Mbuzi. Madzi. Nkhuku. Amayi."

Mpheta ina inatera pachulu, mimba itadzaza ndi mapira. Inawayang'ana a Nachisale ndi diso limodzi.

"Nanunso mwabwera kudzaba, mayi?"

"Ndabwera kudzamva mwana wanga."

"Ife timamumva tsiku ndi tsiku. Maso athu amakhala pa mapira, ndiye satiopa."

"Amanenanso chiyani china?"

"Omwewo. Tawaloweza tonse. Ena oti timupatse ife tilibe."

A Nachisale anakhala pansi pomwepo. Anaona chimene chinawasowa tsiku lija. Pankafunika kuwaika a Zuze kuseri kwa tsekera, ana n'kumaumba dongo lawo, basi. Mpando sunkafunika. Kusesa sikunkafunika.

Anathamanga mpaka kwa a Zuze. Anawapeza akusema mpini.

"Bambo, tiyeni kumunda. Mukabisale kuseri kwa chulu, mukamumva nokha."

"Ine, munthu wamkulu, ndikabisalire mwana ngati wakuba nkhuku?"

"Kanthawi kochepa, bambo. Ndalakwa ndine, mwana sanalakwe."

"Munandiitana, ndinabwera. Mudzi wonse unaona. Kawiri ayi, aphunzitsi."

A Nachisale anapita kwa mayi a mwana. Mayi aja anati, "Ndamva, aphunzitsi. Koma munda ndi wa achimwene, nkhokwe ndi ya achimwene. Ine ndinganene chiyani?"

A Nachisale anati adikire mapira akololedwe, mwina mtima wa a Zuze udzatsika. Mapira anakololedwa. Koma chaka chimenecho nthaka inali itatopa, zokolola zinachepa, ndipo a Zuze anasonkhanitsa mbumba yawo yonse n'kuwoloka mtsinje kukafuna minda ina. A Nachisale anamva anthu atapita kale. Anapeza nyumba zili pululu, nsanja itagwa.

Anafunsa ogulitsa mchere, anafunsa oyenda pa bwato. Palibe ankadziwa kumene anakamanga. Ena amati Enelesi anakula, anakalamba, ali ndi mawu omwe aja okwana m'dzanja, ndipo ankawanena akakhala yekha kumunda. Kaya n'zoona, izo sindilumbira, sindinaliko.

Ndiye alamu, ndimanena ndi inu. Mwana wanu wachedwa kuyankhula uja, lekani kumuimika pakati pa alendo n'kumati nena, nena, uwapatse moni. Mawu a mwana wotere satuluka ndi kukoka. Khalani naye pansi, umbani naye dongo, muziyankhula ndi dongolo. Akanena kanthu musadumphe, musaitane anthu. Mumupatse liwu lina, n'kudikira.

Nthano yanga yathera pamenepa. Za mpheta yoyankhula ija, chabwino, ndaikamo ine. Mpheta siyankhula, imangoba.