Tsamba Limene Torleiv Anakana Kulemba

Kuno ku Bergen munthu sadandaula za mvula, amangogula nsapato zabwino. M'kanyumba kena ka matabwa pafupi ndi doko, pamwamba pa sitolo yogulitsa zingwe za maboti, munali ofesi ya anthu asanu okonza pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Kvist. Ntchito ya Kvist inali kusunga mbiri ya mafayilo. Ukaika fayilo m'foda yapadera, imene iwo ankaitcha nkhokwe, unkatha kuisintha, kuisokoneza, ngakhale kuifufuta kumene, mawa lake n'kuibweza yonse mmene inalili dzana.

Buku lophunzitsa anthu pulogalamuyi ankalemba ndi Torleiv Haugsvær, ndipo anali atalisamalira zaka khumi ndi chimodzi. Kunena zoona, mkuluyu ankaidziwa ntchito. Vuto linali loti nayenso ankadziwa kuti amaidziwa. Ukamuuza kuti tsamba lakuti silikumveka, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi mwachifundo, ngati wamuuza kuti ukudwala.

M'mwezi wa Malichi mu ofesimo munabwera mlendo, Gunvor Mjelde, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu amene moyo wake wonse ankadula matikiti pa sitima ya pamadzi. Atapuma pantchito anatopa n'kukhala, ndiye anayankha chilengezo chofuna munthu wosadziwa zambiri za makompyuta woti aziyesa bukulo. Udindo wake unali kusadziwa, ndipo ankaugwira ndi mtima wonse.

Lachisanu lina, onse atazungulira tebulo kudya tizitumbuwa totchedwa mawafulo ndi tchizi chabulawuni monga mwa mwambo wawo, Gunvor anatulutsa kope lake.

"A Torleiv, ndili ndi kafunso. Lamulo lija timalembera kompyuta kuti ionetse zimene zasintha, munalemba kuti likangokhala chete ndiye kuti zonse zasungidwa, eti?"

"Tsamba 14. Chete ndiye mtendere."

"Chabwino. Koma ine dzulo ndinalilemba ndili m'foda ya zithunzi za adzukulu anga, mulibe nkhokwe mulibe chiyani. Linakhalanso chete. Ndiye zithunzizo zasungidwa kuti?"

Torleiv anaika foloko pansi. "Mumakatani kumeneko? Lamulolo ndi la m'nkhokwe."

"Sindinadziwe kuti ndili kunja. Zenera lakuda lija la pakompyuta lolembamo malamulo n'limodzimodzi, kunja ndi m'kati."

"A Gunvor, munthu salemba buku la uvuni n'kufotokozamo zimene zimachitika ukaika buledi pakhonde."

Anzake anaseka, Gunvor nayenso anaseka, koma kope sanatseke. "Pa sitima tinkalemba pachitseko kuti uku n'kunyanja. Ogwira ntchito tonse tinkadziwa, koma tinkalembabe."

Sunniva, mtsogoleri wa gululo, amene anali atagwira ntchito ndi Torleiv kuyambira tsiku loyamba, analowererapo. "Iwe Torleiv, mizere itatu yokha. Dzanja lithyoka?"

"Si za dzanja. Ndikalemba za kunja kwa nkhokwe lero, mawa mundiuza ndilembe za kompyuta yozimitsa. Bukuli latha."

Anaumitsa khosi, nkhani n'kuthera pomwepo. Komatu si kuti ankanama dala. Zaka zonsezo, akangoyatsa kompyuta yake, inkamutsegulira m'kati mwa nkhokwe. Kunja anali asanapondeko, choncho kwa iye kunalibe.

Lachinayi lotsatira linali tsiku lalikulu. Anthu makumi atatu ogwira ntchito m'nyumba zing'onozing'ono zosungira zinthu zakale m'chigawo chonse anasonkhana m'holo kuti ayese Kvist. Akaikonda, nyumba zonsezo ziyamba kuigwiritsa ntchito. Aliyense anauzidwa kuti abwere ndi laputopu ndi fayilo yakeyake yeniyeni. Tsono gulu la Sunniva linali ndi lamulo lakalekale pa masiku otere: wolemba buku amakhala kumbuyo, pakamwa potseka. Buku lizilankhula lokha. Wolembayo akangotsegula pakamwa kuti athandize munthu, ndiye kuti bukulo lalephera pamaso pa onse. Lamuloli anayambitsa ndi Torleiv yemweyo, ndipo ankanyadira kuti m'zaka khumi ndi chimodzi sanatsokomoleko n'komwe.

M'mawa wonse zinthu zinayenda myaa. Anthu ankawerenga, kulemba, kugwedeza mitu. Torleiv anakhala pampando wake wakumbuyo atapinda manja, nkhope ikuwala ngati ya bambo pa ukwati wa mwana wake. Gunvor anali m'mbali mwa khoma ndi kope lake.

Itakwana nthawi ya khofi, anthu anatseka malaputopu n'kutuluka. Atabwerako anatsegula mazenera atsopano n'kupitiriza pa tsamba 14.

Kutsogolo kwa Torleiv kunakhala bambo wina wandevu zoyera, Asbjørn Lilleskare, wosamala kanyumba kosungira maboti akale pa chilumba china. Nthawi ya khofi anali atauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe, za fayilo yake: mndandanda wa maboti mazana anayi, amene anawapanga, amene anawayendetsa, amene anamira nawo. Anausonkhanitsa zaka zisanu ndi zinayi, khomo ndi khomo, ndipo ena mwa okalamba amene anamufotokozera anali atatsikira kale kuli chete. Munthu wina atamufunsa ngati anaukopera pena, anasisita laputopu yake n'kunena kuti, "Uli muno, wakhala muno, sunasowepo."

Torleiv ankaona bwinobwino sikirini ya bamboyo. Anaona kuti zenera latsopanolo latsegukira m'foda wamba, mmene munali mndandandawo, osati m'nkhokwe. Anaonanso kuti fayiloyo sinalowe n'komwe m'nkhokwe, chifukwa m'mawa bamboyo anaikamo ina yoyeserera. Asbjørn analemba lamulo loonetsa zosintha ndi chala chimodzi. Lamulo linakhala chete. Bamboyo anaika chala pabuku n'kuwerenga monong'ona, "Likakhala chete, zonse zasungidwa. Tsopano fufutani fayilo yanu, musaope, muibweza."

Torleiv anawongoka pampando. Mawuwo anali ake, mpaka "musaope" yemweyo, amene ankamukonda kwambiri. Anayang'ana Sunniva, koma anali kutali atawerama pa laputopu ya munthu wina. Anayang'ana Gunvor, koma mutu wa Asbjørn unkamutchinga. Anaganiza zogwetsa kapu, anaganiza zoyetsemula. Chala cha bamboyo chinali chitalemba kale lamulo lofufutira ndi theka la dzina la fayilo.

"Imani kaye, bambo. Chotsani chala pamenepo."

Holo yonse inatembenuka. Sunniva anaweramuka pakamwa pali yasa. Torleiv anali ataimirira, makutu atafiira, manyazi atamugwira mpaka kumapazi.

"Ine ndi amene ndinalemba bukuli," anatero. "Tsamba 14 likunama. Chete wa m'nkhokwe ndi chete wa kunja ndi osiyana, koma amamveka mofanana. Bambo awa ali kunja. Akanamaliza lamulo lofufutiralo, maboti awo onse akanapita."

Asbjørn anabweza dzanja pang'onopang'ono n'kulikhalira. "Onse mazana anayi?"

"Onse."

"Ndiye ndinu munthu wabwino wolemba mabuku oopsa," anatero bamboyo, holo yonse n'kuphulika ndi phwete.

Mayi wina kutsogolo anaimika dzanja. "Ife tidziwa bwanji kuti tili kunja? Ndipo malamulo enawo amatani kumeneko?"

Torleiv anapukusa mutu. "Sindikudziwa. Sindinapiteko. Amene akudziwa ndi awo ali kukhomawo." Anatembenuka. "A Gunvor, chonde. Munandiuza, ine n'kukuyankhani za buledi."

Gunvor sanachite matama. Anapita kutsogolo ndi kope lake, ndipo zinapezeka kuti sabata yonseyo anali atayesa lamulo lililonse kunja kwa nkhokwe, limodzilimodzi, n'kulemba zimene linachita. Lina linkadandaula momveka, lina linkatulutsa mawu osamveka mutu wake, loonetsa zosintha lokha ndi limene linkakhala chete ngati zonse zili bwino. Anawaonetsa kalamulo kakafupi kofunsira kuti "ndili kuti?" Atauza onse kuti ayese, anthu khumi ndi mmodzi anapezeka kuti ali kunja osadziwa. Aliyense akazindikira ankaseka n'kuimika dzanja, ngati wapambana mpikisano.

"Ndiye tilembe tsambalo pompano," anatero Gunvor. "A Torleiv, zala zanu n'zachangu. Khalani apa."

Torleiv anakhala pa laputopu yoonetsa zolembedwa pakhoma, anthu makumi atatu n'kumamuuza zolemba. Akaika liwu lalitali ankamukuwiza, iye n'kulifufuta akuseka. Asbjørn anaumirira kuti chenjezo likhale m'zilembo zazikulu zoti munthu aziona ngakhale ataiwala magalasi pa boti. Chodabwitsa n'chakuti Torleiv anasangalala. Anali ataiwala kukoma kolemba chinthu chimene iye mwini wangochiphunzira kumene. Mizere itatu imene anaikana ija inasanduka tsamba lathunthu, ndipo pamwamba pake anaikapo mutu wakuti "Mukakhala kunja kwa nkhokwe." M'munsi analemba dzina la Gunvor Mjelde, lake pambuyo.

Pomaliza, mkulu wa nyumba zosungira zakalezo anauza Sunniva kuti aitenga pulogalamuyo, bola lamulo lachetelo aliphunzitse kulankhula likakhala kunja. "Mapulogalamu onse ali ndi maenje," anatero. "Ine ndimafuna anthu oti akaona munthu akugweramo, afuule."

Potuluka, Sunniva anamugunda Torleiv ndi chigongono. "Zaka khumi ndi chimodzi osatsokomola, lero wachita msonkhano."

"Ndisiye," anatero Torleiv, koma akumwetulira. Kenako anathamangira Gunvor amene ankamanga mabatani a jekete pakhomo. "A Gunvor, kope lanulo lili ndi masamba angati?"

"Olembedwa? Makumi anayi. Lero tawerenga awiri."

Torleiv anaima kaye, n'kuseka mpaka kugwira chitseko. "Lolemba mubwere nalo. Tiyambire tsamba loyamba, ine ndizingomvera."

Wokhala m'nyumba nthawi yaitali amaiwala mmene khomo lake limaonekera kwa woima pabwalo. Torleiv ankadziwa ngodya iliyonse ya m'kati, koma chimene chikanamiza maboti mazana anayi chinaonedwa ndi mayi wodula matikiti amene anali asanathe mwezi pamalopo. Akuluakulu sananame: mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.