Msomali Wopanda Chimbale

M'shopu ya kalipentala wina, kuseri kwa makina ochekera matabwa, munali thabwa lokhomedwa misomali khumi ndi iwiri. Pamisomaliyo ankakolekapo zimbale za woimba nyimbo za roko wina wokalamba, amene iye ndi anzake ankangomutchula kuti Madala. Chapamwamba ndiye chokoma koposa, chapansi n'chongopirira nacho. Loweruka lililonse masana, makina akazima, mlamu wake dalaivala ndi telala wa khomo loyandikana ankabwera kudzakangana za thabwalo, zimbale n'kumakwera ndi kutsika ngati mitengo ya zinthu pamsika.

Koma msomali umodzi unali wopanda kanthu. Chimbale chotsiriza, chimene Madala anajambula mutu uli mbuu ndi imvi, chinali m'kabati, pulasitiki yake yosang'amba.

"Alamu, miyezi isanu ndi itatu tsopano," anatero dalaivala. "Ife tachimva mpaka takhuta nacho. Ine ndikuti chikuposa cha chikuto chofiira chija."

"Bodza!" anadzuma telala. "Chofiira chija gitala yake imaluma. Umu mkuluyu akungodandaula za ukalamba."

"Musandiuze!" anatero kalipentala, akutseka makutu ndi manja. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikumutsata munthu ameneyu. Mawu ake omaliza ndiwamvere pa kawailesi kolira ngati udzudzu? Ndikhoma kaye masipika anga ndi manja angawa. Tsiku limenelo ndidzakuuzani malo ake."

Munthuyu akagwira mfundo, ngakhale ng'ombe zinayi sizikanamusuntha. Mabokosi oyamba anawaphwasula, ati akunjenjemera. Achiwiri, ati thabwa lake linali laliwisi. Makina ankalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pomwe zotchinga m'makutu zimene mkazi wake anamugulira zinkangodya fumbi pazenera. Iye ankati mmisiri weniweni amadziwira kukhutu kuti sowo yabuntha.

Makutuwo sanamubisire. Poyamba ankamva kamluzu kosatha. Kenako makasitomala anayamba kubwereza mawu kawiri, katatu. Adokotala anamuuza mosapita m'mbali kuti makutu akutha, ndipo zimene zapita sizibwerera.

"Bambo, mverani chimbalecho lero lomwe," anamuchonderera mkazi wake mokweza mawu. "Ngakhale pa wailesi ya kukhitchini."

"Kwangotsala vanishi," anayankha. Itauma vanishi anati mawaya ndi oonda, atasintha mawaya anati nsalu yakutsogolo siyikuyenera. Chaka china chinatha chotero.

Tsiku linafika ndithu. Masipika awiri anaima pakona, aatali kufika m'chiuno, akunyezimira moti telala anachita kuwasisita. Kalipentala anasesa utuchi, anavala malaya oyera, n'kung'amba pulasitiki ija ndi nsonga ya mpeni. Anzake atakhala pabenchi, anaika chimbale, anadina batani.

Telala anayamba kugwedeza mutu. Phazi la dalaivala linkagunda pansi. Kalipentala anadikira, kenako anapotokola chokwezera mawu mpaka pamapeto. Magalasi a mazenera ananjenjemera, anthu mumsewu anatembenuka, koma iye ankangomva ngati lole ikudutsa kutali. Anagwada n'kuika chikhatho pabokosi. Ng'oma inkagunda bwinobwino m'thabwamo. Ntchito ya manja ake inalibe chilema. Atadzutsa maso anaona milomo ya mlamu wake ikuyenda, ikutsatira mawu amene iye sankawadziwa.

"Wayamba kuimba?" anafunsa.

Telala anazolika, ndipo mkazi uja, amene anali ataima pakhomo, anabwerera panja akupukuta m'maso.

Chimbale chitatha, dalaivala anasendeza kamwa kukhutu kwa mlamu wake. "Alamu, ndiye tichikoleke pati?"

Kalipentala anachitembenuza m'manja nthawi yaitali, mtima ukumuwawa kwambiri. Zina zonse khumi ndi chimodzi ankatha kuziimba pamtima, kuyambira gitala mpaka kupuma kwa Madala. Ichi chokha sankadziwa ngakhale mawu amodzi.

"Sindingaweruze mlandu umene sindinaumve," anatero, n'kuchibwezera m'kabati.

Kuyambira pamenepo amavala zotchinga m'makutu tsiku lililonse, kuteteza pang'ono potsalapo. Loweruka anzake amabwerabe kudzakangana, iye n'kumawayang'ana pakamwa. Msomali uja ukadali wopanda kanthu, ndipo wayamba dzimbiri. Akuluakulu sananame: pakadafunda padajiwitsa galu.