Malovu a Nangondo

Panali mayi wina, dzina lake Nangondo, amene ankayambitsa nyimbo pamaliro. Akakweza mawu, ngakhale adzukulu kumanda ankaimika makasu. Fodya wake anali wopera, wothira chidulo, woika kunsi kwa mlomo kuyambira ali mtsikana.

Chaka china mawu aja anayamba kusasa. Chotupa panalibe, kuwawa panalibe. Amene anaziona ndi mtengwa, mkazi wa mwana wake amene anali ku Joni. Mtengwayo anamunyengerera mpaka anavomera zopita kuchipatala. Mlongo wake wa Nangondo, mwini mbumba, anawatsatira, poti za mbumba yake sizichitika iye kulibe.

Dokotala anaunika m'kamwa, n'kupeza kachigamba koyera m'mbali mwa lilime. Anati khansa ya m'kamwa ndi pakhosi siyamba ndi chotupa ayi. Imayambira m'kati, tinthu ta m'thupi tosaoneka ndi maso tikayamba kusintha, munthu akulima bwinobwino. Anapempha malovu ndi kanyama kakang'ono ka pachigambapo kuti akayeze, poti akaipeza idakali yanthete amatha kulimbana nayo.

Nangondo analavulira m'kabotolo. Mwini mbumba anaimirira.

"Achemwali, mutu ukuyenda? Tsitsi timakwirira, zikhadabo timakwirira, lero malovu musiyire mlendo? Ndi nyama yomwe?"

Mtengwa anagwada. "Amalume, aloleni angowayeza."

"Iwe unabwera ndi mphasa yokha pamudzi pano. Malovu a apongozi ako ukuwafuniranji?"

Analanda kabotolo kaja, kutuluka nako panja, kukhuthulira pansi, n'kufotsera ndi phazi. Dokotala anayesa kumufotokozera, iye anangoti munthu woyenda ndi miyendo yake sadulidwa nyama. Nangondo naye sanatsutse. Mlongo ndi mlongo. Anabwerera kumudzi.

Mvula inagwa, anthu anakolola, inagwanso. Chotupa chinatuluka pakhosi, cholimba ngati mwala. Lilime linachita chilonda chonunkha. Mwini mbumba yemwe uja ndiye anamukweza panjinga kubwerera naye kuchipatala, akutuluka thukuta, akuti tsopano tengani chilichonse mukufuna. Dokotala anati yafalikira. Anawapatsa mankhwala oziziritsa ululu basi.

Mawu anatheratu. Nangondo ankangoloza ndi chala. Amene ankamva zalazo ndi mtengwa yekha. Ndiye ankasefa phala pakansalu, kulisungunula mpaka likhale ngati madzi, n'kumamudonthezera m'kamwa pang'onopang'ono, mutu atautsamiritsa pantchafu.

Koma matenda otere pamudzi safuna kukhala opanda mwini. Abale anasonkhana pakhonde, wodwala ali gone m'nyumba, chitseko chili chotsegula. Mwini mbumba anawafunsa ngati akukumbuka amene anakakamira kuti malovu atengedwe. Anati amene anafuna malovu masana, ndani akudziwa zimene anatenga anthu asakuona?

Nangondo anamva zonse. Anapukusa mutu. Anamenya mphasa ndi dzanja, kumenya, kumenya, misozi ikutsika.

"Mwaona?" anatero mwini mbumba. "Akangomva za mtengwayu akunjenjemera."

Abale aja anamupiringira mtengwa mphasa yake, n'kumuperekeza mpaka pamphambano. Ana aakazi a mwini mbumba anaphika phala lawo la masiku onse, lolimba, la mibulu. Silinadutse pakhosi. Anati azakhali akukana kudya. Nangondo anamwalira maso ali kuchitseko, nkhokwe ili yodzaza.

Tsono inu olemba nkhaniyi, lembani momwe ndanenera, musakometse. Ine pakhomo pa sukulu sindinapondepo, za tinthu tosaonekato sindizidziwa, koma maliro ndasambitsa ambiri, ndipo makosi otupa ndawagwira ndi manja angawa. Inu eni mbumba, mumati mukuteteza. Kukwirira tsitsi kwiririrani, palibe akukuletsani. Koma mawu a mlongo wanu akasasa osabwerera, kachilonda ka m'kamwa kakakana kupola, musadikire chotupa kuti mukhulupirire. Chotupa chikamaoneka ndiye kuti matenda anamanga kale nyumba. Mulekeni ayezedwe akadali ndi pakamwa ponenera yekha. Mukachedwa mudzamuyankhulira ndinu, ndipo mudzanama.