Phukusi la Nangozo Limene Linaima ku Lilongwe

Panali mayi wina m'chigwa cha Bwanje, dzina lake Nangozo, amene ankalima tomato ndi anyezi kudimba. Mwamuna wake anamwalira ana akadali aang'ono, ndipo chachikulu chimene anamusiyira chinali pampu ya sola yokoka madzi pachitsime cha m'dimbamo. Pampu imeneyo ndiyo inkadyetsa banja lonse.

Chaka china, dzuwa la Okutobala litafika poswa mtengo, tomato atangoyamba maluwa, pampu ija inatsokomola n'kukhala chete. Mmisiri wa pamsika anabwera, anaimasula, natulutsa kachipangizo kakang'ono ka mawaya konunkha utsi. Anati kameneko ndiko kapsa, ndipo ngakhale atayenda masitolo onse a ku Balaka ndi ku Limbe sakapeza, chifukwa mapampu a mtundu umenewo anasiya kubwera. Njira inali imodzi basi, kuitanitsa kunja kudzera pa intaneti.

Nangozo anali asanagulepo chinthu chimene sanachigwire ndi manja ake. Komabe anakhala pansi ndi mmisiri uja, foni ili pakati pawo, mpaka anakapeza. Mtengo wa kachipangizoko sunali woopsa. Chimene chinamudabwitsa ndi ndalama yotumizira. Pa sitima ya panyanja zinali zotsika, koma phukusi likanayamba ladikira katundu wa anthu ena kuti adzaze, kenako doko, kenako malole, mwina n'kudzafika mvula itagwa kale. Pa ndege likanafika msanga, koma yonyamulira inkaposa mtengo wa chinthu chenichenicho.

Anafunsa kuti kanthu kokwana m'dzanja kakwera bwanji chonchi. Mmisiri anamufotokozera kuti sakulipira kulemera kokha ayi. Akulipira malo m'ndege, kutalika kwa ulendo, ndi manja onse amene adzaligwire phukusilo kuchokera kwa wogulitsa mpaka kwa iye. Anamuuzanso kuti likalowa m'dziko muno pamakhala msonkho wake.

Nangozo anapita kudimba, anayang'ana maluwa achikasu a tomato uja kwa nthawi. Mawa lake anagulitsa mbuzi zake, nasankha ndege.

Wogulitsa anamutumizira nambala yaitali yolondolera phukusi. M'mawa uliwonse ankakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pamene netiweki imagwira bwino, n'kufufuza ndi nambalayo. Masiku oyamba nkhani zinali zokoma. Phukusi lanyamuka. Phukusi lafika mumzinda wina wa dzina lovuta kutchula. Phukusi lakwera ndege. Tsiku lina foni inaonetsa kuti lafika ku Lilongwe, ndipo anatsika pachulupo akuvina.

Kuchokera pamenepo kunangoti zii. Tsiku linadutsa, sabata inatha, ina inayamba. Mawu anali omwe aja, osasuntha. Lafika ku Lilongwe. Ankazimitsa foni n'kuyatsanso, ankagula bandulo ina poganiza kuti vuto ndi yake, koma mawu aja sanasinthe.

Tomato sadziwa kudikira. Nangozo anayamba kutunga madzi ndi chingwe n'kumathirira ndi keni, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa litamuotcha pamsana. Manja anatuluka matuza, mapewa anatupa. Koma dimba linali lalikulu, la pampu osati la keni, ndipo mizere ya kumtunda inayamba kufota iye akuona.

Pamjigo amayi anzake ankanong'onezana kuti wagula mphepo. Achimwene ake aakulu, a Ngozo, anabwera madzulo ena nakhala pakhonde. Sanabwere kudzamuseka. Anaona manja ake, mtima unawawawa.

"Achemwali, vomerezani kuti mwaberedwa," anatero. "Anthu a pafoniwa alibe nkhope. Lisiyeni dimbali, ndidzadzalemo chimanga mvula ikagwa, tidzagawana. Mukudzipha ndi kenili."

Mawuwo anali ndi nzeru zake, ndipo thupi la Nangozo linkagwirizana nawo. Anapempha kuti amulole aganize kaye.

M'mawa anakweranso pachulu paja. Anawerenga mawu aja pang'onopang'ono, ngati akuwaona koyamba. Sanali kunena kuti phukusi lasowa. Sanali kunena kuti labwerera. Ankangonena pamene linafika. Ndiye anakumbukira zimene amachita akatumiza madengu a tomato ku Limbe. Lole ikachedwa sakhala pakhonde n'kumalira. Amaimbira dalaivala, ndipo akapanda kuyankha amanyamuka yekha kuitsatira. Nanga phukusi ili lasiyana pati ndi dengu la tomato? Foni ikuonetsa pamene linadutsa komaliza, koma chimene chaliimitsa sichingadziwike munthu ali pachulu.

Anatsika, anazula anyezi amene anali atakhwima, nawagulitsa kwa mavenda a pamsewu. Anapempha mkazi wa a Ngozo kuti amuthiririreko mizere ya kumunsi. Kenako anavala chitenje chake cha kutchalitchi, anakwera kabaza mpaka pamsewu wa tala, minibasi yokwera mapiri a Golomoti mpaka ku Dedza, ndi ina mpaka ku Lilongwe.

Mumzindamo anafunsa njira kangapo, anasochera kamodzi, mpaka anapeza ofesi ya kampani yonyamula katundu imene dzina lake linali pafoni. Anaima pamzere, fumbi la ulendo lili kumapazi. Nthawi yake itakwana anaonetsa nambala ija kwa mayi wa mandala amene anali pakauntala. Mayiyo anailemba pakompyuta, anayang'ana kwa kanthawi, kenako anadzutsa nkhope.

"Ndinu mayi Nangozo? Takhala tikukufunani nthawi yonseyi. Nambala ya foni imene ili paphukusi panu ndi yoperewera, sikulowa. Adiresi yake yangotchula mudzi ndi boma basi. Katundu wanu ali m'katimu, akudikira inu kuti mulipire msonkho ndi kumutenga."

Anamuuzanso kuti akanachedwa pang'ono, phukusilo likanabwezedwa kwa wogulitsa, chifukwa katundu wosowa mwini sasungidwa mpaka kalekale.

Nangozo anagwira kauntala ndi manja onse awiri. Masiku onse amene iye ankakwera pachulu kudikira phukusi, phukusi nalo linali pashelefu kudikira iye. Anaseka mpaka misozi inatuluka, anthu a pamzere n'kumamuyang'ana. Analipira msonkho ndi ndalama ya anyezi, anasaina, ndipo anamupatsa kabokosi kakang'ono komatidwa zomata mbali zonse. Sanakaike m'chikwama. Anakamanga m'chitenje pamimba, ndipo ulendo wonse wobwerera dzanja lake linali pomwepo.

Mawa lake mmisiri anafika kudimba dzuwa lisanakwere. Mbiri inali itamveka kale, moti anthu anadzaza m'mphepete mwa dimba, ngakhale aja a pamjigo. Mmisiri analumikiza mawaya, anapukuta mapanelo a sola ndi malaya ake, nakhala pansi kudikira dzuwa. Litangomenya bwino pamapanelo, pampu inang'ung'udza. Paipi inanjenjemera, inalavula mpweya ndi matope, kenako madzi oyera anatumphuka n'kuthamanga m'ngalande.

Amayi analulutira. Nangozo analowa m'ngalandemo ndi mapazi ake, madzi akumuzizira m'miyendo, akuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza. A Ngozo anaima chapatali. Kenako anavula nsapato, anapinda buluku, nabwera kudzagwira paipi.

"Achemwali, lozani mzere woyambira," anatero.

Mizere ya kumtunda inali itapita kale, ndipo sinabwerere. Koma yotsala inadzuka ngati yauzidwa. Chaka chimenecho madimba ambiri m'chigwamo anauma, tomato anasowa pamsika, ndipo mavenda ankabwera ndi lole mpaka pachipata cha dimba la Nangozo kudzapempha kuti awagulitse. M'khola mwake munalowanso mbuzi mvula isanagwe. Ndipo aliyense m'mudzimo akafuna kuitanitsa chinthu chakutali, ankayamba wafika kwa iye. Iye ankawauza kuti awerenge nambala yawo ya foni kawiri asanatumize, afunse za msonkho asanalipire, ndipo asankhe njira yotumizira poyang'ana chimene chiwonongeke akachedwa.

Tsono inu amene mwakhala pano, ambiri mwa inu muli ndi chimene mukudikira. Munalipira mtengo wake, ndipo unali wowawa. Poyamba zinkayenda, lero kwangoti zii, ndipo abale okukondani ayamba kukuuzani kuti muvomereze kuti mwataya. Musafulumire kuvomera. Kukhala chete sikutanthauza kuti chinthucho chasowa. Pitirizani kuthirira zimene mungathe, koma musakalambire pachulu. Tsikani, mufunse pamene chinaima ndi chimene chachiimitsa. Mwina chinafika kale, ndipo amene akuchedwa ndinu.