Chimtengo Chimenechi N'chandani?

Anzanga, chimkuyu chakuseri kwa sukulu chija sichidulidwanso! Wachipulumutsa ndi Kachule wam'mitengo, kanthu kosaposa chala changachi. Taimani ndikuuzeni.

M'phako la chimkuyucho mumagona Changa, uja wamaso ngati mbale. M'mawa wina anapeza Kachule atamatirira patsamba.

"Tsika," anatero Changa. "Muno ndi mwa ife aubweya, oyamwitsa ana. Abale anga ku Madagascar anthu amachita kukwerera ndege kukawajambula. Iwe unabadwa mbululu m'chithaphwi."

"Koma atsibweni, taonani maso angawa. Si anu omwe? Zala zogwirira nthambi, kadumphidwe..."

"Mchira uli kuti?"

"Ndinali nawo ndili mwana. Unatha ndi mavuto."

"Nanga ubweya?"

"Tameta dzulo, kwathu kunali maliro."

Changa anaseka mpaka kutsamwa, komabe anati dzuwa likamapendeka asam'pezenso. Analowa m'phako, tulo.

Kachule anayang'ana uku ndi uku. Dambo linauma kalekale, mitengo ina yonse inathera m'matumba a makala. Alowera kuti?

Masana anatulukira a Kamowa, wootcha makala, nkhwangwa ili paphewa. Anazungulira tsinde akulisisita.

"Makala okhaokha awa," anadziyankhulira. "Kaya chimtengo chimenechi n'chandani?"

Kachule anafufumitsa kukhosi n'kuitana mnansi wake uja: "Changa!"

A Kamowa anacheuka. Kunalibe munthu.

"Ndati n'chandani?"

"Changa! Changaaa!"

"Pepani agogo," anatero a Kamowa, "sindimadziwa kuti chili ndi eni ake."

Pomwepo Changa, wodzutsidwa dzuwa lili paliwombo, anasuzumira maso ali psuu, n'kulira ngati khanda. Nkhwangwa pansi! A Kamowa liwiro la mtondo wadooka, patapata mmodzi kutsala patsinde pomwepo.

"Wandidzutsiranji, iwe wopanda mchira?"

"Mlendo amafunsa mwini mtengo, atsibweni. Ndamuuza zoona."

Changa anadzikonza ubweya, wosangalala. "Ulemu uli nawo. Khala, koma tsamba lam'munsi."

"Zikomo. Aliyense wofunsa ndizimuyankha chomwecho."

Kachule anabisa nkhope kuseri kwa tsamba, mimba ikugwedezeka ndi phwete. Mpaka lero Changa sanafunse kuti mnzakeyo amatchula dzina lake kapena amadzitcha mwini mtengo.

Nkhwangwa ija aphunzitsi aisunga, mwini wake akukana kudzatenga, ndipo ife a kalabu ya zachilengedwe tamangira chimkuyucho mpanda. Mubwere mawa tikaweruka mudzaone. Mudzafunse nokha kuti n'chandani.