Mzere wa Makala pa Nkhokwe

Panali munthu wina, mlimi, amene anapita ku msonkhano wa alangizi. Mlangizi anati Azungu ali ndi liwu limodzi lotchulira chinthu chotheka kuchiyeza, lochokera ku liwu lawo la muyeso. Anati chimene sunachiyeze sunachidziwe. Munthuyo liwu lachizungulo analiiwala panjira, koma phunzirolo analisunga.

Chaka chimenecho anakolola msanga poopa akuba, chimanga chisanaumitsitse. Anachithira m'nkhokwe ndi makoko omwe, nalemba mzere wa makala pamene chinalekezera. Anauza mkazi wake, Nasoko, kuti asatapemo mpaka chakale cha m'matumba chitatha.

Patapita sabata ziwiri anakwera kukasuzumira. Chimanga chinali chitatsika ndi zala zitatu.

Sanafunse. Anangoyamba kuonetsetsa. Mlongo wake wa Nasoko akabwera kudzacheza, iye maso anali pa thumba la mlamu wakeyo. Mkazi akaseka ndi anzake ku mjigo, iye ankati akuseka ine. Anawaza phulusa kuzungulira nkhokwe, ndipo mmawa anapezapo mapazi a Nasoko.

"Mayi a Zione, ku nkhokwe mumakatani?"

"Kukatola mazira. Nkhuku yanu ija imaikira pansi pake. Kapena nayonso muilembe mzere?"

"Zala zitatu zapita kuti? Mukudyetsa abale anu thukuta langa?"

"Bambo a Zione, mwandiyesa wakuba ine?"

Tsiku lomwelo anam'mangira katundu, namubweza kwawo. Kenako anamanga denga la nkhokwe ndi waya, nalemba mzere watsopano.

Sabata ziwiri zitatha anayeza. Waya anali chimangire. Phulusa lopanda phazi. Chimanga chinali chitatsikanso ndi zala ziwiri.

Mnansi wake atamva anagwira pakamwa. "Achimwene, inu mlimi wamkulumkulu? Chimanga chachiwisi chikamauma chimanyala, n'kukhazikika pansi. Chanu sichinabedwe ayi, changouma."

Munthu uja anapita kwa akuchikazi, chipewa m'manja. Nasoko anam'patsa mpando ndi madzi akumwa, monga achitira ndi mlendo. Anamva zonse osamudula.

"Zala zitatuzo munaziona," anatero. "Nanga zaka khumi ndi zinayi zimene ndinakhala pakhomo panu osasowetsa ngakhale singano, munaziyeza ndi chiyani?"

Nasoko sanabwerere.

Abale anga, sindikubisirani, munthu ameneyo ndine. Sukulu ndinalekera sitandade faifi, koma chimene chinandipusitsa si kusaphunzira. Mlangizi sananame, muyeso ngwabwino. Unandiuza zoona kuti chimanga chatsika. Sunandiuze kuti watsitsa ndani. Dzina la wakuba ndinaonjezera ndekha, chifukwa mtima wanga unali utamuweruza kale.

Inu amene mukuzonda wina m'nyumba mwanu, mukuti umboni muli nawo m'manja, yambani mwafunsa pakamwa. Ine ndinafunsa nditamaliza kuweruza. Chimanga chija chinandikwanira mpaka kukolola kwina, ndipo ndinachidya ndekha.