Alhaji Mkwepu Afuna Kukweza Che Twaha

Alhaji Rajabu Mkwepu anafika kwa Shehe Idrisa Likagwa Lachiwiri lina titangomaliza swala ya Asri, pemphero la chakumadzulo. Ine ndinali mwalimu pa madrasa a Shehewo ku Ntaja, ndipo tsikulo tinali awiri pakhonde la mzikiti tikumata mabuku ong'ambika. Alhaji anali mwini kampani yopuntha ndi kupakira mpunga, ya antchito oposa makumi asanu ndi atatu. Anthu ankawapatsa ulemu, ndipo iwo ankaudziwa bwino ulemu umenewo.

Anapereka salamu, navula nsapato, nakhala pamkeka. Ndinafuna kuwapatsa mpata, koma anati ndikhale, poti nkhani yawo inalibe chobisa.

"Shehe, ndabwera ndi kafunso kakang'ono," anatero. "Kodi kukweza wantchito pa udindo kuli ndi tchimo?"

"Ngati akuyenera, n'chinthu chokoma," anayankha Shehe. "Ndani ameneyo?"

"Che Twaha Mbalaka, woyendetsa makina. Ndikufuna akakhale manijala wa depoti yanga yatsopano ku Karonga. Nyumba ndiwapatsa, njinga yamoto ndiwapatsa."

"Che Twaha amene ali wapampando wa yuniyoni ya antchito anu?"

"Omwewo."

"Nanga upampandowo ukhala bwanji?"

"Autula pansi. Munthu sangakhale mbali ya mabwana ndi mbali ya antchito nthawi imodzi."

Shehe anaika buku pambali n'kupukuta zala.

"Alhaji, munthu sasiya ntchito zake masana kudzafunsa ngati kuchitira mnzake zabwino n'kololedwa. Che Twaha akulakwirani chiyani? Anachititsa sitalaka?"

"Ayi. Zaka zinayi tsopano, sitalaka sinachitikepo."

"Amakuchitani mwano?"

"Ayi ndithu. Akafuna kundiona amagogoda, ndipo sakhala pansi ndisanawauze."

"Ntchito yawo?"

"Palibe wodziwa makina kuposa iwo."

Alhaji anayang'ana kumsewu kanthawi, kenako mawu anangotuluka okha.

"Sabata yatha kunali maliro a mayi a wantchito wanga wina. Lole yonyamula anthu inali yanga. Sanda yokulungira mtembo inachokera kwa ine. Makina ndinazimitsa tsiku lathunthu kuti onse akaperekeze. Koma woyankhulira banja ataimirira, anayamba kuthokoza Che Twaha. Akuti, 'bambo wathu amene amatiyankhulira.' Ine ananditchula pambuyo pa adzukulu okumba manda. Shehe, magolovesi ndinagula ndine. Zophimba kumphuno zoteteza fumbi la mankhusu ndinagula ndine. Nthawi yoti akaswali Lachisanu ndinavomera ndine. Koma mukawafunsa, amati Che Twaha anatipezera. Iwo amangopempha ndi pakamwa, wopereka ndine! Ana awiri abadwa chaka chino m'nyumba za antchito anga, onse awatcha Twaha. Rajabu palibe ndi mmodzi yemwe. Ndikalowa m'chigayo macheza amatha, aliyense maso pathumba lake. Akalowa iwo, anthu amaseka, amawagwira paphewa. Ine ndimaona zonsezi pawindo la ofesi, ndipo tiyi amandiwawa m'kamwa."

Atatha kuyankhula anachita manyazi, nayamba kukonza chipewa chimene chinali chokhala bwino kale.

Shehe sanawadzudzule. Anayankhula motsitsa mawu.

"Nthenda imeneyo ndikuidziwa, chifukwa inandigwirapo. Zaka zapitazo kunabwera shehe wachinyamata kuno, wochokera kumaphunziro kunja. Mawu ake anali okoma, nzeru zake zakuthwa. Ophunzira anga, amene ndinawaphunzitsa kuyambira pa chilembo choyamba, anayamba kupita kwa iye. Mwezi wathunthu ndinkamvetsera ulaliki wake, osati kuti ndiphunzire, koma kuti ndimugwire polakwa. Sindinapeze cholakwa, ndipo zimenezo ndiye zinandipweteka koposa. Kenako ndinamva kuti mzikiti wina wa kutali ukufuna imamu wotsogolera mapemphero. Ndinakhala pansi n'kulemba kalata yomuyamikira. Kalata yokongola, Alhaji. Munalibe bodza ngakhale limodzi."

"Munaitumiza?"

"Ndinaing'amba. Mawu anali oyera, koma dzanja lolemba linali lakuda. Anthu akanawerenga kalatayo, koma Allah akanawerenga mtima wanga."

Alhaji anagwedeza mutu mosakhutira.

"Pepani Shehe, koma nkhani zathu n'zosiyana. Ophunzira sanali anu, anali a makolo awo. Kampani ija ndi yanga. Ndinaiyamba ndi makina amodzi, matumba ndikunyamula ndekha pamsana. Komanso Che Twaha akuyeneradi udindowo."

"Mnyamata ujanso ankayenera," anatero Shehe. "Tandiuzani, depoti ya ku Karonga munaiganiza liti?"

"Chaka chatha."

"Nanga dzina la Che Twaha munaliganiza liti?"

Alhaji anazengereza. "Pobwerera ku maliro kuja."

"Mwayankha moona, Allah akulipireni."

"Komabe," anapitiriza Alhaji, mawu atakwera pang'ono, "yuniyoni isanabwere ntchito inkayenda. Ndinali ndi akapitawo anga, aliyense ndi gulu lake. Panalibe wodandaula. Ankandidziwa ine ngati bambo wawo, popanda wina woima pakati."

"Kodi si nthawi imeneyo pamene lamba wa makina anadula zala za Che Amini, wothira mpunga uja? Ndinakamuona kuchipatala."

Nkhope ya Alhaji inagwa. "Inde. Zala zitatu."

"Chinachitika n'chiyani?"

"Chitsulo chotchinga lambayo chinali chitathyoka."

"Chinathyoka tsiku lomwelo?"

"Ndinamva pambuyo pake kuti panali patadutsa miyezi inayi."

"Ankadziwa ndi angati?"

"Onse. Ndi akapitawo omwe."

"Anakuuzani ndi angati?"

Ndinaona Alhaji akupotokola mkanda umodzi wa tasbihi yawo yopempherera osausuntha.

"Nanga lero chitsulo chitathyoka, mungamve liti?" anafunsanso Shehe.

"Tsiku lomwelo," anatero Alhaji motsitsa. "Che Twaha angagogode pachitseko changa dzuwa lisanafike pamutu."

Kenako Alhaji anafunsa, ndipo ulendo uno anafunsa ngati wophunzira.

"Ndiye ndichite chiyani, Shehe? Ndisawakweze munthu woyenera chifukwa choopa mtima wanga? Ndipo ndizingoonerera wina akukolola ulemu m'munda umene ndinalima ine?"

Shehe anawayang'ana mwachifundo, nati:

"Ngati mukufuna kuwakweza, aitaneni, muwauze zonse poyera, ndi zimene ataye zomwe, asankhe okha. Akakana, musawasungire mangawa. Akavomera, musalowerere posankha wowalowa m'malo. Koma musadzinamize, Alhaji. Munthu amene ali ndi mphamvu yochotsa mnzake ntchito sangamve zonse, ngakhale atakhala wokoma mtima chotani. Antchito anu amaona dzanja lanu lopatsa, koma amaonanso dzanja linalo, limene lili ndi kiyi wa pageti. N'chifukwa chake amafuna mnzawo wowayankhulira. Chikondi chimene amawapatsa Che Twaha sanakubereni inu, sichinali m'thumba mwanu. Mukawatumiza ku Karonga, chikondicho chikwera nawo basi yomweyo, sichitsalira inu. Chimene chitsale kwa inu ndi chete uja wakale, ndipo chete ameneyo anadya kale zala za munthu. Che Twaha ndiwo khutu lanu. Nsanje yanu ikufuna mudule khutu lanu lomwe, chifukwa choti anthu amakonda kunong'oneza m'khutumo. Lisiyeni khutulo limve. Ndipo ngati zimene munapereka munaperekera Allah, Iye sanayembekeze woyankhula pa maliro kuti amuuze dzina lanu."